Adasesa bwalo, anzake ndiwo adavina

Usiku wa pa 20 Febuluwale 2014, m'mapiri a Rosa Khutor kufupi ndi mzinda wa Sochi m'dziko la Russia, anthu amene adasonkhana kudzaonerera masewera a Olimpiki a nyengo yozizira adaona mwambo umene sudalembedwe pa ndandanda ya mpikisano. Ndime yomaliza isanayambe, anthu ogwira ntchito yosalaza chipale adatsetsereka pang'onopang'ono kuchokera pamwamba pa bwalo, atandanda mojambula chithunzi cha mtima. Ankakumbukira mayi wa ku Canada, Sarah Burke, amene padalibe pamalopo.

Tsikulo lidali loyamba m'mbiri ya Olimpiki kuti amayi apikisane pa masewera otchedwa ski halfpipe. Amayi 12 ndiwo adafika mu ndime yomaliza, ndipo ambiri mwa iwo ankanena poyera kuti Burke ndiye adalimbikira koposa onse kuti mpikisanowo ukhalepo. Mwini wakeyo adali atamwalira zaka 2 m'mbuyomo, ali ndi zaka 29 zokha.

Ngalande ya chipale

Kwa munthu amene adakulira kumene dzinja ndi nyengo ya mvula, matope ndi kupalira, masewerawa amafunika kuwalongosola kaye. M'mayiko ozizira kwambiri kumagwa chipale chofewa, omwe ndi madzi oundana opepuka ngati ufa. N'chosiyana ndi matalala amene amaboola masamba a fodya, chifukwa chimatera mwakachetechete n'kuunjikana mpaka kukwirira minda, misewu ndi mapiri. Anthu a kumeneko adaphunzira kalekale kuyenda pamwamba pake atamanga kumapazi matabwa awiri aatali otchedwa ski, ndipo m'kupita kwa nthawi kayendedwe kameneka kadasanduka masewera.

Mawu akuti halfpipe amatanthauza theka la paipi. Alimi ambiri amadula mgolo pakati m'litali mwake kuti apange momwera ng'ombe. Bwalo la masewerawa lili ndi maonekedwe omwewo, kungoti ndi ngalande yaikulu kwambiri yomangidwa ndi chipale pamtsetse wa phiri. Pa mipikisano ikuluikulu makoma ake awiri amatalika mamita 6.7, kuposa nyumba yosanja, ndipo utali wa ngalandeyo umapitirira mamita 150. Omanga amayamba aunjika chipale ndi mathirakitala, kenaka makina okhala ndi mkono wopindika amasema makomawo mpaka asalale ndi kulimba ngati simenti.

Wosewera amalowa m'ngalandemo kuchokera kumtunda. Liwiro limamukweza khoma limodzi mpaka kumuponya m'malere kupitirira mlomo wa khomalo, ndipo akatswiri amakwera mamita 3 kapena kuposerapo pamwamba pa mlomowo. Ali m'malere amazungulira, amatembenuzika mutu pansi, amagwira thabwa ndi dzanja, kenaka amatera pa khoma lomwelo n'kuwolokera ku khoma linalo kuti akachitenso zina. Matabwa ake ndi opindikira m'mwamba kutsogolo ndi kumbuyo komwe, zimene zimamulola kunyamuka kapena kutera chafutambuyo. Pofika kumunsi amakhala atadumpha kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo zonsezi zimatha m'kanthawi kosakwana mphindi imodzi.

Mayina a kadumphidwe amachokera pa madigiri a kuzungulira. Kuzungulira kamodzi ndi 360, kamodzi ndi theka ndi 540, kawiri ndi 720, kawiri ndi theka ndi 900, ndipo katatu ndi 1080. Oweruza amapereka mapointi osapitirira 100 poona kutalika kwa mdumpho, kuvuta kwa zimene wachita, kusiyanasiyana kwake, ndiponso ngati watera bwino popanda kugwira pansi. Wosewera amapatsidwa mwayi wotsika kangapo, koma amawerengera ulendo umodzi wokha umene wapeza mapointi ambiri.

Ngozi yake ndi yoonekeratu. Amene walakwitsa pang'ono ponyamuka amatha kugwera pa mlomo wouma wa khoma, kapena kuphonya khoma lonse n'kukafikira pansi penipeni pa ngalande. Chisoti chotetezera mutu chimathandiza, koma sichithetsa zonse.

Msungwana wa ku Midland

Sarah Burke adabadwa mu 1982 mumzinda wa Barrie ndipo adakulira ku Midland, m'chigawo cha Ontario. Pamene ankakula, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, achinyamata okonda ski adali atayamba kulowa m'mabwalo amene adamangidwira anzawo otsetsereka pa thabwa limodzi lalikulu lotchedwa snowboard. Masewera atsopanowo adakopa anyamata ambiri ndi makampani ogulitsa zovala ndi zida, koma mipikisano yambiri idalibe gawo la amayi. Nthawi zina Burke ankapikisana ndi amuna. Nthawi zina ankangololedwa kutsika mpikisano usanayambe ngati woyesa bwalo, popanda mphoto iliyonse, ngakhale kuti luso lake linkaposa la amuna ena amene adalembetsa.

Okonza mipikisano adali ndi yankho limodzi nthawi zonse: amayi odziwa masewerawa ndi ochepa, choncho palibe chifukwa chowatsegulira gawo lawo. Yankho limeneli lidali msampha, pakuti atsikana sakadachuluka pa masewera amene alibe mpikisano, alibe mphoto, ndipo saoneka pa wailesi ya kanema. Burke adaumasula msamphawo mbali zonse ziwiri. Ankapita kwa okonza mipikisano mobwerezabwereza kukapempha gawo la amayi, ndipo ankaitana amayi anzake, ngakhale amene akadatha kumulanda mphoto, kuti abwere kudzalembetsa. M'nyengo yotentha ankaphunzitsa atsikana pa mapiri a ku Whistler, kumadzulo kwa Canada, kumene chipale chimakhalitsa.

Khamalo lidabala zipatso pang'onopang'ono. Mu 2005 mpikisano wotchuka wa Winter X Games, umene umachitikira ku Aspen m'dziko la America, udatsegula gawo la amayi la ski halfpipe. Chaka chomwecho bungwe loyendetsa masewera a ski padziko lonse la FIS lidaika halfpipe pa mpikisano wake waukulu ku Ruka m'dziko la Finland, ndipo Burke ndiye adapambana. Ku Aspen adatenga mendulo ya golide mu 2007, 2008, 2009 ndi 2011. Adalinso mayi woyamba kuzungulira 1080 pa mpikisano n'kutera bwinobwino. Kuyambira mu 2009 okonza X Games adayamba kupereka mphoto zofanana za ndalama kwa amuna ndi amayi.

Chimene chidatsala chidali Olimpiki. Osewera snowboard adayamba kupikisana m'ngalande ya chipale pa Olimpiki ya ku Nagano m'dziko la Japan mu 1998, kutanthauza kuti bwalo linkamangidwa kale pa Olimpiki iliyonse. Burke ndi anzake ankafunsa chifukwa chimene bwalo lomangidwa ndi ndalama zambiri lingagwiritsidwire ntchito ndi gulu limodzi lokha. Ngakhale zidali choncho, pamene masewerawa adachitikira kwawo ku Vancouver mu 2010, Burke, amene panthawiyo adali mmodzi mwa amayi aluso koposa padziko, adangokhala woonerera. Yankho lidabwera mu Epulo 2011, pamene akuluakulu a bungwe loyendetsa Olimpiki la IOC, pamsonkhano wawo ku London, adavomereza kuti ski halfpipe ya amuna ndi ya amayi iyambe pa masewera a ku Sochi. Ambiri ankayembekezera kuti golide woyamba adzakhala wa Burke.

Miyezi 9 yokha

Akuluakulu adati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Pa 10 Januwale 2012, patangopita miyezi 9 chivomerezereni IOC, Burke ankachita zokonzekera m'ngalande ya ku Park City m'chigawo cha Utah ku America. Adachita mdumpho wa 540, umene kwa iye udali wamasiku onse, koma potera adagwa n'kumenyetsa mutu. Kugwako kudang'amba mtsempha wina wa m'khosi umene umapititsa magazi ku ubongo, mtima udaima, ndipo ubongo udakhala nthawi wopanda mpweya. Madokotala a ku Salt Lake City adamuchita opaleshoni, koma pa 19 Januwale adamwalira. Monga adafunira ali moyo, ziwalo zake zidaperekedwa kwa odwala ena. M'ngalande yomweyo, kumapeto kwa 2009, katswiri wa snowboard Kevin Pearce adavulalanso ubongo mpaka kusiya kupikisana.

Imfayi idaulula china chimene owonerera sankachiganizira. Popeza zokonzekerazo sizidakonzedwe ndi bungwe la masewera la dziko lake, inshuwalansi ya bungwelo sidagwire ntchito, ndipo banja lidatsala ndi ngongole yaikulu ya kuchipatala. Anthu a m'mayiko ambiri adasonkha ndalama mpaka zidaposa ngongoleyo. Kuchokera pa zimenezi padakhazikitsidwa bungwe la Sarah Burke Foundation, limene limathandiza achinyamata ofuna kupita patsogolo pa masewera a nyengo yozizira.

Usiku wa ku Sochi

Ku Sochi anzake a Burke adafuna kumata dzina lake pa zisoti zawo monga ankachitira pa mipikisano ina, koma IOC idakana ponena kuti bwalo la mpikisano si malo ochitirapo chikumbutso. Ambiri adakhumudwa. Mphunzitsi wa timu ya Canada, Trennon Paynter, adachita zake mwakachetechete. Thupi la Burke lidali litawotchedwa monga amachitira mabanja ambiri kumeneko, ndipo Paynter adanyamula gawo la phulusalo kupita nalo ku Russia n'kukaliwaza m'ngalande mpikisano usanayambe.

Golide adapita kwa Maddie Bowman wa ku America, wa zaka 20, amene adapeza mapointi 89.00. Ayana Onozuka wa ku Japan adatenga mendulo ya bulonzi. Koma nkhani imene idakhudza anthu ambiri idali ya amene adatenga siliva, Marie Martinod wa ku France. Martinod adali katswiri wotchuka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kenaka adasiya kupikisana, nakhala mayi wa mwana wamkazi. Nkhani ya Olimpiki itayamba kumveka, Burke adamufunafuna n'kumuuza kuti abwerere, chifukwa mpikisano woyambawo unkafunika amayi onse aluso kuti dziko lione kuti masewerawa ndi enieni. Martinod adabwerera, ndipo ali ndi zaka 29 adaima pa nsanja ya opambana mwana wake akuonerera.

Apa ndi pamene khalidwe la Burke likuonekera bwino. Munthu wofuna golide yekha saitana mdani woopsa amene adapuma kale. Burke ankadziwa kuti mpikisano wa anthu ochepa ndi ofooka ukadapatsa otsutsa mpata wonena kuti adanena kale.

Khomo lotseguka, m'nyumba muli ochepa

Patapita zaka 4, ku PyeongChang m'dziko la South Korea, luso lidali litakwera moonekeratu. Pa 20 Febuluwale 2018 Cassie Sharpe wa ku Canada adapambana ndi mapointi 95.80, ndipo golide amene anthu ankayembekezera kuti Burke adzapititsa ku Canada adafikadi kumeneko. Martinod, ali ndi zaka 33, adatenganso siliva, ndipo Brita Sigourney wa ku America adatenga bulonzi.

Komabe dzina limene lidamveka kwambiri padziko lonse lidali la amene adathera kumapeto. Elizabeth Swaney, wobadwira ku America koma woimira dziko la Hungary kudzera mwa agogo ake, adatsika m'ngalande mu ndime yachipulula akungokwera khoma pang'ono n'kutembenuka, popanda mdumpho wovuta ngakhale umodzi. Adakhala wa nambala 24 pa amayi 24. Anthu adadabwa kuti adafika bwanji pa Olimpiki.

Sadabe kanthu, ndipo sadaphwanye lamulo. Malamulo ankati wofuna kupita ku Olimpiki akhale mwa anthu 30 oyambirira pa mpikisano wa World Cup ndipo asonkhanitse mapointi okwanira. Mipikisano yambiri ya amayi inkakhala ndi olembetsa osakwana 30. Swaney ankayenda ndi ndalama zake kupita ku mipikisano yoteroyo, ankatsika mosamala osagwa, ndipo ankaposa amene ayesa zovuta n'kugwa. Lamulo lina linkaletsa dziko limodzi kutumiza osewera opitirira 4, choncho amayi ena aluso a m'mayiko amphamvu adatsala kunyumba, malo n'kutsalira iye.

Ena adamunyoza kuti wachititsa manyazi masewerawo, ena adamuyamikira chifukwa cha kulimba mtima. Mkanganowo udaphimba funso lofunika kwambiri, lakuti n'chifukwa chiyani mpikisano wa padziko lonse unkalephera kupeza amayi 30. Yankho lili pa mtengo wa masewerawa. Ngalande za mamita 6.7 ndi zochepa padziko lonse chifukwa kuzimanga ndi kuzisamalira kumadya ndalama zambiri, ndipo zimapezeka m'mayiko owerengeka monga America, Canada, Switzerland, China ndi New Zealand. Mtsikana wofuna kuphunzira amafunika kukhala pafupi ndi phiri lotero kapena kukhala ndi makolo otha kulipira maulendo, zida, mphunzitsi ndi chipatala. Lamulo lolola amayi kupikisana lidasainidwa tsiku limodzi mu 2011, koma kulera osewera okwanira kudzaza bwalo ndi ntchito ya zaka zambiri.

Bondo, mphepo ndi madzi

Mpikisano wa mu 2022 udachitikira ku Genting Snow Park m'dera la Zhangjiakou, kumpoto chakumadzulo kwa Beijing m'dziko la China. Pa 18 Febuluwale, kukuwomba mphepo yamphamvu ndi yozizira, Eileen Gu wa zaka 18 adapeza mapointi 93.25 pa ulendo woyamba ndi 95.25 pa wachiwiri, ndipo padalibe amene adamuyandikira. Gu adabadwira ku San Francisco m'dziko la America, koma mu 2019 adasankha kuimira China, kwawo kwa mayi ake, zimene zidautsa mkangano m'mayiko onse awiri. Pa masewera amenewo adatenga mendulo 3: golide pa halfpipe, golide pa big air ndi siliva pa slopestyle.

Siliva wa Cassie Sharpe tsiku limenelo adali ndi kulemera kwake. Mu Januwale 2021 adagwa pa X Games ku Aspen n'kudula mtsempha wa bondo, ndipo adachitidwa opaleshoni. Patangotha chaka chimodzi adali m'malere kachiwiri pa Olimpiki. Mnzake wa ku Canada, Rachael Karker, adatenga bulonzi. Mwa mendulo 9 zimene zidaperekedwa pa mipikisano itatu yoyambirira ya amayi, 3 zidapita ku dziko la Burke.

Masewera a mu 2022 adadzutsanso nkhani imene mlimi aliyense angaimvetse. Dera la Zhangjiakou ndi lozizira koma louma, ndipo chipale chachilengedwe chimagwa chochepa. Pafupifupi chipale chonse chimene osewera adatsetserekapo chidapangidwa ndi makina amene amapopera madzi mumpweya wozizira kuti aundane. Njirayi si yatsopano, chifukwa idayamba kugwiritsidwa ntchito pa Olimpiki ku Lake Placid mu 1980, koma kudalira makina kwakhala kukukula. Ku Sochi okonza adachita kusunga milu ya chipale cha chaka cham'mbuyo ataiphimba ndi malona poopa kutentha, ndipo osewera snowboard adadandaula kuti ngalande idali yofewa. Akatswiri a zachilengedwe adafunsa ngati kuli koyenera kutenga madzi ochuluka chotero m'dera limene alimi amavutika kale ndi kuchepa kwa madzi. Pamene nyengo yozizira ikufupika m'mapiri ambiri chifukwa cha kusintha kwa nyengo, malo otha kuchititsa masewerawa akucheperachepera, ndipo mtengo wake ukukwera.

Kumene Africa ikukhudzidwa

Kum'mwera kwa Africa chipale chimagwa m'mapiri a Maloti ku Lesotho pakati pa Juni ndi Ogasiti, ndipo kumeneko kuli malo otsetserekerako otchedwa Afriski. Pa masewera omwe aja a ku Sochi, dziko la Zimbabwe lidatumiza wosewera wake woyamba pa Olimpiki ya nyengo yozizira, Luke Steyn, amene adapikisana pa liwiro lotsika phiri.

Mgwirizano waukulu uli pa utsogoleri. Mu Malichi 2025 mamembala a IOC adasankha Mayi Kirsty Coventry a ku Zimbabwe, katswiri wosambira amene adapata mendulo 7 za Olimpiki, kukhala mtsogoleri wa bungwelo, ndipo adayamba ntchito mu Juni chaka chomwecho. Iwo ndi mayi woyamba komanso munthu woyamba wa ku Africa kukhala pampandowo chikhazikitsireni bungweli mu 1894. Bungwe limene Burke adakhala zaka akulipempha malo a amayi lidafika potsogoleredwa ndi mayi, ndipo mafunso amene masewera a halfpipe adadzutsa ali pa tebulo lawo: ndani ali ndi mwayi wofika pabwalo, ndani amalipira wosewera akavulala, ndipo madzi opangira chipale achokera kuti.

Burke sadapikisanepo pa Olimpiki ngakhale kamodzi, ndipo dzina lake silipezeka pa mndandanda wa opata mendulo. Komabe mu 2012, patapita miyezi yochepa chimwalirireni, komiti ya Olimpiki ya ku Canada idaika dzina lake m'gulu la anthu olemekezeka m'mbiri ya Olimpiki ya dzikolo, pambali pa akatswiri amene adabwera ndi golide. Chiyambireni 2014, pa Olimpiki iliyonse ya nyengo yozizira ngalande ya chipale yakhala ikusemedwera amayi a ski monga imasemedwera amuna, ndipo atsikana amene akuphunzira masewerawa lero amapeza gawo lawo lili kale pa fomu yolembetsera.